Abambo a m'Mbiya

Anthu a ku Champiti amene anamuona Malita atakula amakumbukira zinthu ziwiri. Ankayenda monyang'ama ngati m'nyumba muli wodwala, ndipo chala chake cha mkombaphala cha kumanja chinali chachifupi, chothera pa mfundo yapakati. Ukamufunsa ankati unali munga. Sunali munga ayi.

Malita, amene mfunda wake unali Nankhoma, sanali wa kumapiri. Anabadwira kuchigwa cha Bwanje, kotentha kuja, kumene anthu amalima mpunga m'madambo ndipo njoka akaiona safunsa dzina lake, amangoitsitsira khasu. Kwawoko mwamuna akafuna mkazi amabwera yekha kudzamanga nyumba pamudzi wa mkaziyo, ndipo akayamba matama amamupatsa mkeka wake n'kumulozera njira. Tsoka la Malita linali loti tsiku lina anakwera phiri ndi dengu la mpunga kukasinthanitsa ndi kachewere, n'kukumana ndi Jasper, mnyamata wamtali wa pakamwa potsekemera, amene anamunyamulira dengulo mpaka kumtsinje.

Kwawo kwa Jasper kunali kwa Angoni, a ng'ombe m'khola, ndipo iwo mkazi amamulowola n'kumutenga. Amayi ake a Malita anamuuza mosabisa kuti ng'ombe zimenezo zikangotsikira kuchigwa, ana onse amene adzabereke adzakhala a kuchimuna, ndipo tsiku limene ukwati udzathe adzabwerera ndi mtolo wa nsalu wokha. Malita anamva ndithu, koma mtima unali kale kuphiri.

Ukwati wake weniweni unakhala zaka ziwiri. Chaka cha dzombe, mwana wawo Enelesi akukwawa, Jasper anati msonkho wamukwana, akupita kumigodi ya ku Joni, ndipo adzabwera mwanayo asanayambe kutunga madzi. Chaka chotsatira munthu wina wobwerera kwawo anadzasiya bulangete lofiira, nati Jasper ali bwino, wanenepa. Kenako kunangoti zii. Anthu anayamba kumutchula mtchona, poyamba monong'ona, kenako mokweza, Malita ali pomwepo.

Njoka inabwera dzinja lina m'zaka zoyembekezazo. Malita anasuntha mbiya yong'aluka imene inkakhala kuseri kwa chitseko, ndipo m'kati mwake munali chinthu chofiirira chitadzipinda, chonenepa ngati nzimbe yaing'ono. Inali chakusa, njoka ija yokonda m'nyumba ndi m'nkhokwe, yodya makoswe. Malita anali atanyamula kale munsi pamene apongozi ake aNangozo, amayi a Jasper, amene anabwera kudzapala moto, anamugwira mkono.

ANangozo anali mkhristu wosaphonya tchalitchi, wodziwa nyimbo za m'buku pamtima. Koma ataiyang'ana njokayo anagwada n'kuyamba kuomba m'manja. Madzulo omwewo akuluakulu a banja anasonkhana pakhomo pa khola, nathira mowa pansi, nalankhula mawu akale a Chingoni amene ngakhale eni akewo sankawamva onse. Zinatsimikizika kuti imeneyo si njoka. Ndi aNzunga, malemu bambo ake a Jasper, abwera kudzalonda nyumba ya mwana wawo. ANangozo anawonjezerapo mfundo yawoyawo, imene palibe anaitsutsa, yoti akufa salonda nyumba ya wakufa mnzawo. Malinga Abambo ali m'mbiyamo, Jasper ali moyo ndipo adzabwera.

Malita anayang'ana pansi kubisa chiseko. Njoka zamtundu umenewo anazionapo zikufa zambiri kwawo, ndipo panalibe imene inali ndi mwana ku Joni.

Chisekocho chinatha atabwera amalume ake. Anakwera phiri kudzapempha kuti mwana wawo amusudzule, poti mwamuna wasowa. Anawalandira bwino, anawaphera nkhuku, nawayankha mwaulemu kuti Malita akhoza kupita ngakhale mawa lomwe. Enelesi yekha ndiye atsale, pakuti ng'ombe zake zinadyedwa kale kuchigwa. Pamenepo Maynard, mkulu wake wa Jasper, anakonza kukhosi nanena kuti palinso njira ina. Ngati banja livomereza kuti mng'ono wake anafa, iye ndi wokonzeka kulowa chokolo kuti mlamu wake asavutike. Maynard anali ndi mkazi kale, ndipo mkaziyo masiku ena ankapita kuchitsime atabisa nkhope ndi mpango chifukwa cha zibakera.

ANangozo ndiwo anadula nkhaniyo.

"Mwana wanga sanafe. Bambo ake ali m'nyumbamo. Amene akufuna kulowa chokolo ayambe wawatulutsa."

Amalume anatsika phiri okha. Malita anakhala pakhonde, Enelesi ali pamiyendo, n'kumayang'ana njira zake imodzi ndi imodzi. Kupita kwawo kunali kusiya mwana. Njoka ikachoka kapena kufa, ndiye kuti Jasper wafa, ndipo iye asankhe pakati pa Maynard ndi kusiya mwana komweko. Njira yokhalira ndi Enelesi popanda Maynard inali imodzi yokha, ndipo inali itadzipinda m'mbiya kuseri kwa chitseko.

Kuyambira pamenepo nyumba ija inali ya njoka, Malita n'kukhala wantchito wake. Mphaka sankaloledwa. Denga likadontha ankangowonjezera udzu pamwamba, osalisasula, kuopa kukwiyitsa Abambo. Moto sunkayenera kuzima, choncho kukagona kwina kunali koletsedwa. Amayi ake atamwalira kuchigwa anamulola kupita yekha, mwana atamusiya, ndipo anafika atafotsera kale manda. Anagwada pamtumbira, nadzuka, nayamba ulendo wobwerera. Azimayi a pamudzi akamufuna ankamuitanira patali. Pakhomo pake panalibe wokhala pansi, ndipo mchere akabwereka ankaulandira ndi nsonga za zala.

Akuluakulu a mpingo atamva anamuitana n'kumufunsa ngati n'zoona kuti akusunga njoka ya mizimu. Iye anati njokayo si yake. Anamufunsa kuti nanga ili m'nyumba mwa yani. Anamuimitsa kudya mgonero mpaka ataitaya. ANangozo, amene nyumba yawo inalibe njoka, anapitiriza kudya mgonero ndi kuyambitsa nyimbo Lamulungu, ndipo Lolemba m'mawa ankabwera ndi kaufa m'chikho kudzathira pafupi ndi mbiya. Ufawo unkadyedwa ndi makoswe, makoswewo n'kudyedwa ndi Abambo, choncho nsembe inkafika ndithu.

Zaka zoyambirira Malita ankadana nayo njokayo. Pogona ankamuika Enelesi kukhoma, iye n'kutchinga chakuno. Koma munthu sungadane tsiku ndi tsiku ndi chinthu chimene ukuopa kuti chingafe. Anayamba kuiyang'anitsitsa, poyamba monga mlonda, kenako monga munthu amene alibe wina wocheza naye.

Anaona kuti siphethira chifukwa ilibe zikope, ndipo ngakhale ili m'tulo maso amakhala ali tong'o. Anaona kuti nyimbo za aNangozo siinkazimva n'komwe, koma phazi likagunda pansi inkadzidzimuka, ndipo apa m'pamene anaphunzirira kuyenda kwake kuja. Lilime lake la mphanda, limene ana ankati ndi mbola, linali lofewa ngati ulusi, ndipo ndi limene inkanunkhizira. Kumutu inali ndi timizere tiwiri toyera, kuchokera pamphuno kudutsa pamaso. Khoswe inkamugwira ndi timano ting'onoting'ono, n'kumukulunga mpaka aleke kupuma, n'kumumeza kuyambira kumutu. Tsiku lina inamuluma iye padzanja ataidzidzimutsa, ndipo panangotuluka timadontho ta magazi, basi. Inalibe ululu. Makoswe akachepa m'nyumba, Malita ankakumba mbewa kumunda n'kubwera nazo zamoyo m'kansanza. Nyama imene ana a anzake ankaotcha, iye ankaipereka kwa apongozi ake a m'mbiya.

Nthawi imene inkamukhudza kwambiri inali yofundula. Khungu linkachita mbuu, maso n'kuchita chifunga ngati madzi otsukira mpunga, ndipo masiku amenewo inkakhala yosaona, yosadya, yosathawa. Malita ankaiikira madzi m'phale. Kenako inkatuluka kukakhula mphuno pamwala wa pakhomo mpaka khungu ling'ambike pamlomo, n'kumalivula pang'onopang'ono kuyambira kumutu. Inkatulukamo yonyezimira, khungu lakale n'kutsala lathunthu, ndi tizivindikiro ta maso tomwe. ANangozo ankalitola n'kukalisunga m'thumba la chikopa. Malita ankayang'ana khungu lopanda mwini lija n'kuchita nalo nsanje.

Chaka china Abambo ananenepa kwambiri, kenako anasowa masiku angapo. Malita, mtima uli m'malere, anakawapeza pansi pa nkhokwe, m'zinyalala zofunda, ndipo pambali pawo panali mazira oyera, aataliatali, ofewa ngati chikopa chonyowa. Anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi. ANzunga, mwamuna wa nthungo ndi chishango, amene anthu ankati akakuwa ng'ombe zinkanjenjemera m'khola, aikira mazira. Anaimirira kuti akaitane mudzi wonse udzaone, aNangozo patsogolo. Atayenda pang'ono anaona Maynard akusema mpini pansi pa mtengo, naonanso Enelesi akuumba timiphika ta dothi pakhonde. Anabwerera, nakwirira mazirawo ndi makoko a chimanga, ndipo sanauze munthu.

Zimene ankaopa zinagwa m'zaka za nkhondo, anyamata akutengedwa usilikali, Enelesi atafika potha kusinja. Linali dzinja. Njoka inali itameza khoswe wamkulu dzulo lake ndipo inali gone m'mbiya, yolemedwa. Malita ndi mwana anatandala tsiku lonse akupalira kumunda wakutali, ndipo pobwera madzulo anapeza mzere wa linthumbu ukutuluka pakhomo. Anamutumiza Enelesi kukagona kwa agogo ake, iye n'kuotcha udzu ndi kuthira phulusa. Kutacha anasuzumira m'mbiya.

Munali mafupa okhaokha, oyera, ali chipindire. Nthiti zinayambira pakhosi mpaka kufupi ndi mchira, zochuluka, zoonda ngati minga ya nsomba. Nsagwada ya m'munsi inali mbali ziwiri zosalumikizana pachibwano, ndipo apo anamvetsa mmene inkamezera khoswe woposa mutu wake. M'kati mwa nthitizo munali mafupa a khoswe uja. Malita analira, ndipo iye mwini sanadziwe ngati akulirira njoka kapena Enelesi. Anakumba pansi kuseri kwa chitseko, nakwirira mafupawo, nazirapo ndi dothi.

Lolemba aNangozo anabwera ndi chikho chawo.

"Nankhoma, Abambo agona bwanji?"

"Akufuna kufundula, amayi. Sakufuna kuonedwa."

Maso a aNangozo anali atayamba kale kufooka, ndipo anabwerera osasuzumira. Koma kufundula sikutenga mwezi, ndipo Malita anadziwa kuti masiku ake ndi ochepa. Anayamba kusaka. Ankanamizira nkhuni n'kumagubuduza miyala ndi zipika m'mphepete mwa minda. Mphiri anaiona, naipatukira. Namasamba wobiriwira uja anamuona, koma ngakhale wakhungu sakanamutcha aNzunga. M'mawa wina, mvula itagwa, anatembenuza chipika chowola napeza kanjoka kakuda konyezimira. Kanali kakang'ono kuposa Abambo, mutu wake wosasiyana ndi khosi, timaso ngati njere za bonongwe. Timizere toyera kumutu kanalibe. Malita anaziona zonsezo. Koma anaganizira maso a aNangozo ndi mdima wa m'mbiya, nadziuza kuti bola ndi njoka. Anakagwira mmene ankagwirira Abambo, kuseri kwa mutu, pamalo pamene iye ankadziwa kuti njoka singakulume.

Sanadziwe kuti mtundu umenewo suyasamula poluma. Dzino lake lalitali limatulukira pambali, kukamwa kuli chitsekere, n'kubaya chammbuyo. Kanjokako kanangopotoza mutu pang'ono.

Zinali ngati waika chala m'makala. Pofika kunyumba dzanja lonse linali litatupa, mwanabere atatuluka m'khwapa. Pamudzi woyandikana nawo panali munthu wodziwa kutemera mankhwala a njoka, koma Malita sanapiteko. Akanamufunsa kuti ndi njoka yanji, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse ukanati Abambo amuluma. Abambo saluma munthu wosalakwa. Mkazi wa mtchona akalumidwa ndi mzimu wa apongozi ake, mlandu wake umakhala umodzi wokha, ndipo mkazi wachigololo amachoka wopanda mwana. Choncho anati ndi munga. Anamanga chala ndi sanza, ndipo ululu ukakula ankaluma nsalu kuti Enelesi asamve kubuula.

Njoka imene ankaifuna anaipeza ali chidwalire, osaisaka n'komwe. Anawerama kutola chitsononkho pansi pa nkhokwe yake yomwe, naona timizere tiwiri toyera tikumuyang'ana. Mwina anali mwana wa mazira aja, mwina mdzukulu. Anaigwira ndi dzanja lamanzere, akutukwana chamumtima miyala yonse imene anagubuduza kutali.

ANangozo atabwera anasuzumira m'mbiya nthawi yaitali.

"Abambo aonda."

"Afundula kumene, amayi."

Anagwedeza mutu, naomba m'manja, nathira kaufa kawo. Ngati anazindikira kanthu, anapita nako kumanda. Chala cha Malita chinachita matuza, chinada, chinanunkha, ndipo chimanga chisanache nsonga yake inathothoka yokha.

Enelesi anakula, mtsikana wamtali ngati bambo ake amene sanawadziwe. Nyumba ya njoka ankachita nayo manyazi. Tsiku lina anabwera kuchokera kumtsinje maso atafiira, naponya ndowa pansi.

"Amayi, bwanji osangokaitaya kuthengo? Anzanga akuti ndife afiti."

"Ukadzakula ndidzakuuza."

Sanamuuze. Anaopa kuti mwana akadziwa mtengo wake adzayamba kudziona ngati chingwe chomangira mayi ake, ndipo anasankha kuti Enelesi amuone ngati mkazi wopusa wokhulupirira za mizimu. Zinkamupweteka, koma anazolowera monga anazolowerera kugwira khasu ndi zala zotsala.

Njala ya fote naini inatenga aNangozo, akufunsabe ngati Jasper wafika. Maynard anali atasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, ndipo za chokolo tsopano ankazitcha zachikunja. Njala itatha, mnyamata wa ku Mlangeni dzina lake Silvester anabweretsa ng'ombe n'kumutenga Enelesi, monga momwe Jasper anatengera mayi ake. Malita anamuperekeza mpaka kumsewu, nabwerera kunyumba yekha.

Anakhala masiku angapo asanamvetse kuti palibenso chomugwira. Mwana amene ankaopa kumusiya anali atapita yekha. Mlongo wake Cosmas anatumiza munthu kuchokera kuchigwa kudzanena kuti ndime ya amayi awo ilipo, abwere anthu asanawokere mpunga. Maynard anati banja silikumuletsa. Imvi zinali zitayamba, koma miyendo inali yolimba. Malita anamanga mtolo wake, nsalu ziwiri, mphika ndi khasu, bulangete lofiira lija n'kulisiya. Tsiku limenelo anthu anamumva akuimba posinja, ndipo anaima kumvetsera chifukwa mawu ake oimba sankawadziwa.

Chinatsala n'kunyamula mbiya kukaikhuthula pansi pa nkhokwe. Atasuzumira anaona maso a njokayo achita chifunga.

Inali njoka chabe, ndipo pamudzi wonse panalibe wodziwa zimenezo kuposa iye. Koma anaiona m'maganizo ikukwawa pabwalo yosaona, agalu uku, ana ndi miyala uku, poti aNangozo owaletsa kunalibenso. Njoka imeneyo ndi inzake ija ndizo zinamusungira mwana. Anaika mtolo pafupi ndi chitseko, nauza munthu wa Cosmas kuti atsogole, iye abwera sabata yamawa. Kenako anathira madzi m'phale.

Tsiku limene chifunga chinatha ndipo njoka inatuluka kukakhula mphuno pamwala wa pakhomo, Malita anaiona, nadziwa kuti mawa anyamuka. Anatenga mtsuko kupita kuchitsime, komaliza. Nthawi yomweyo kumsewu wochokera ku Boma kunaima lole, n'kutsika nkhalamba yoonda, ya chipewa, ya jekete lalikulu kuposa thupi, itanyamula sutikesi yomanga ndi chingwe. Inkayenda pang'onopang'ono ndi ndodo, ikuima kutsokomola, ikufunsa njira ya kwa aNzunga.

Malita anamva nthungululu ali kuchitsime. Anafika mtsuko uli pamutu, napeza pakhomo pake, pamene kwa zaka zonsezo panalibe wokhala pansi, padzaza anthu. Pakati pawo panakhala nkhalamba ija pampando wa Maynard. Anali Jasper, ndipo anamuzindikira ndi kutalika kwa miyendo basi. Pafupi ndi mapazi ake panali njoka, mutu utaphwanyidwa, mchira ukugwedezekabe. Jasper anali ataipeza pamwala wa pakhomo pa nyumba yake, naimenya ndi ndodo, ndipo siinathawe.

Anthu poyamba anachita mantha, koma Maynard, mkulu wa mpingo uja, ndiye anali kuwafotokozera kuti palibe choipa chachitika. Abambo analonda nyumba mpaka mwini wafika, ndipo ntchito yawo yatha. Malemu aNangozo ananena zoona. Azimayi omwe aja a mchere anamulandira Malita mtsuko, namukumbatira, namuuza kuti mkazi wopirira ngati iye sadzaonekanso. Wina anali atalowa kale m'nyumba n'kumasula mtolo uja, kufuna mphika wophikira mlendo.

Mapapu a Jasper anali atadyedwa ndi fumbi la kumigodi, ndipo mkazi amene ankakhala naye kumeneko anamukweza sitima ataona kuti sangagwirenso ntchito. Zimenezi zinamveka pambuyo pake, ndipo sizinasinthe kanthu. Malita anayang'ana nkhope zosangalalazo n'kuona kuti njira ya kuchigwa yatsekeka. Mkazi angathawe mtchona, koma mwamuna wodwala amene mpingo ndi mizimu agwirizana kuti wabwezedwa kwa iye, ameneyo sangamuthawe. Bodza limene analidyetsa mbewa zaka zonsezo linali litakhala pampando, likutsokomola.

Anatunga madzi m'chikho, nagwada, napereka ndi manja awiri. Jasper anamwa, nayang'ana dzanja lake.

"ANankhoma, chalachi chinatani?"

Malita anali atatopa ndi munga.

"Njoka."

"Mwaonatu. Ndiye ndachita bwino kuipha. Munthu wamkulu ngati inu kumagona ndi njoka m'nyumba."

Anthu anaseka mwaulemu. Malita anadzuka, natola njokayo ndi manja ake, napita nayo kuseri kwa nkhokwe ndi khasu lochokera mumtolo uja. Pomwe ankaigoneka m'dzenje anaona kuti khungu lakale linali litang'ambika pamlomo n'kupindikira pamaso, ndiye chifukwa chake siinaione ndodo. Pansi pake khungu latsopano linali kunyezimira. Ikanamaliza dzuwa lisanalowe.

Anafotsera, napondaponda dothi. Pakhonde Jasper anatsokomola nthawi yaitali, kenako anaitana, kufunsa kuti mkeka wake amuyalire pati, ndi kupempha kuti anthu achepetse phokoso chifukwa mutu ukumupweteka. Malita anasiya khasu, nalowa m'nyumba monyang'ama.